A Kalebe, Wothirira Kapinga Wapulasitiki

Ku Mzimba kuno takhala nawo anthu a mitu yawoyawo, koma wothirira pulasitiki anali mmodzi yekha, malemu a Kalebe. M'mawa uliwonse, magolosale asanatsegulidwe, mumawapeza pakhomo pa Goodluck Zgambo kuseri kwa msika, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, kheni ili m'manja, akuthirira kapinga wa ku fakitale amene sanamerepo, sanafotepo, ndipo sanapemphepo madzi kwa munthu. Ankathirira modekha, mzere ndi mzere, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Mukawaseka ankaima n'kukuyang'anani mwachisoni, ngati wodwala ndinu.

"A Kalebe, wakula bwanji sabata ino?" ankakuwa a kabaza podutsa pageti.

"Inuyo chiyambire kudya mwakula bwanji?" ankayankha, n'kupitiriza ntchito.

Ife tinkaseka n'kumapita zathu. Amene kuseka kwake kunkathera pakhosi anali Loyce, mkazi wa Goodluck, chifukwa kwa chaka ndi theka anayenda ndi mawu m'kamwa amene mwamuna wake anamutuma kukanena kwa mkuluyu: ntchito yatha, bwererani kwanu.

Kwanu kwake kuti? A Kalebe anachoka ku Dedza ali mnyamata, n'kukagwira ntchito ku nazale ya paini ku Chikangawa zaka makumi atatu, kuthira dothi m'machubu ndi kuthirira mbande. Ankati theka la mitengo imene malole amanyamula pamsewu waukulu ndi ana awo, ndipo lole yamatabwa ikadutsa ankavula chipewa. Akazi awo anamwalirira komweko, mwana analibe. Atapuma pantchito, malemu bambo ake a Goodluck anawapatsa kachipinda ka kuseri kuti azisamala pakhomo. Ku Dedza kunatsala mwana wa mlongo wawo mmodzi, Honest, amene anamuona komaliza akukwawa. Zaka zonsezo kumpoto, koma Chitumbuka chinawakana. Tonse tinkawayankhula m'Chichewa, chifukwa mawu okhawo amene tinawamvapo pakamwa pawo ndi "yewo", ndipo ankawagwiritsa ntchito pothokoza, pokana, ngakhale pothamangitsa galu.

Kapingayo anafika Lachinayi lina mu Juni, Goodluck ali ku Joni chaka chachisanu. Munthu aliyense wa kuno akudziwa zimene mtima umachita galimoto ya ku Joni ikaima pakhomo popanda uthenga, ikukoka thirela, m'thirelamo muli chinthu chachitali chokulunga. Onjezerani apo kuti udzu wobiriwira woterewu ife tinali titauona malo amodzi okha: kumanda, pamaliro a anthu olemera, atauyala pamulu wa dothi. Mayi Cathy oyandikana nawo nyumba atangoona nsonga yobiriwira ikusuzumira m'lona, anaponya chidebe pansi.

"Mwe! Goodluck wafika! Wafika chogona mwana wa Zgambo!"

Mphindi khumi sizinathe, pakhomo panali patadzaza. Amayi anakhala tambalale pakhonde n'kuyamba kulira, abambo anatulutsa mipando, wina anathamanga kukayala masamba pamsewu. Loyce ankachokera kuchigayo. Ataona masambawo, n'kuona thirela, ufa wonse unathera pansi ndipo iye anautsatira.

Dalaivala, munthu wina wonenepa dzina lake Bestone, anali atapita kumsika kukadya. Anabwera akutokosa m'mano, n'kupeza maliro atakhwima. Anavula kapu mwaulemu.

"Pepani chomene. Watisiya ndani?"

"Goodluck!"

"Goodluck uti? Yemwe wandiimbira ndili pa Jenda uja?"

Kulira kunatha ngati wazimitsa wailesi. Atamuimbira foni, Goodluck anaseka mpaka kutsokomola, akuti ankafuna mkazi wake adabwe. Anadabwadi. Loyce anakhala wamasiye kwa theka la ola, ndipo kunena zoona sanachire bwinobwino, chifukwa mu theka la ola limenelo anaona poyera kuti popanda mwamuna ameneyu iye ndi ana ake awiri alibe pogwira.

Anthu atabalalika ndi manyazi awo, a Kalebe anazungulira mpukutu wa kapingawo katatu, manja ali kumbuyo, kenako n'kutembenukira kwa Loyce.

"Amayi, uwu ndi udzu wa kumanda. Pakhomo pa munthu wamoyo sungagone wouma. Ngati ukhala pano, uzikhala ngati anzake: uzimwa, uzisamba, uzipesedwa. Ukazolowera moyo uiwala kumene wachokera."

"Adada Kalebe, ni pulasitiki iyi."

"Ndiye tiyambe msanga. Wachedwa kale."

Anazula okha kapinga wawo weniweni amene anamulera zaka zisanu ndi ziwiri. Amisiri anathira mchenga, anasalaza, anayala, anakhoma misomali m'mbali. Madzulo a tsiku lomwelo Goodluck anaimba foni. Iye ndi mkazi wake amayankhulana m'Chitumbuka, koma mutu wa nkhani unali uwu: udzu uwu sutchetchedwa, suthiriridwa, sufuna munthu, ndiye madala aja auzidwe azipita. Loyce anayesa kunena kuti anawasiya pano ndi malemu apongozi, kuti ku Dedza kulibe amene amawadziwa. Goodluck anati iye si boma.

Ulendo woyamba Loyce anakonza mawu usiku wonse, m'mawa n'kuwapititsira tiyi kuti nkhani ilowe mofewa. Anawapeza atagwada ndi burashi youma, akupesa kapingayo motsutsana ndi kumene wagonera, kuti aimirire.

"Adada, pali nkhani."

"Shh! Amayi, musagwedezeke."

Mbuzi ya mayi Cathy inali italowa pageti. Inanunkhiza kapingayo, inaluma, inakoka ndi mphamvu zake zonse mpaka miyendo yakumbuyo kuterereka, inatafuna, inalavula, inaganiza kaye, n'kulumanso. A Kalebe misozi inalengeza m'maso.

"Mwaona? Yavomereza. Mbuzi siidya chinthu chakufa."

"Adada, mbuzi yeneyiyi dzana yadya jumbo ya shuga."

"Jumboyo tiisiye, sitikudziwa mbiri yake." Atatero anadzuka ndi burashi m'mwamba. "Yewo! Yewo! Choka!"

Tiyi anazizira pakhonde, ndipo mawu aja Loyce anabwerera nawo kukhitchini.

Kuyambira pamenepo pakhomo panagwa malamulo. Nsapato za nsonga zinaletsedwa. Njinga inkanyamulidwa paphewa kuyambira pageti mpaka pakhonde. Nkhuku ikaipitsa, a Kalebe ankadikira chitosi chiume, n'kuchitola, n'kutsuka malowo ndi madzi ofunda a sopo, uku akupepesa kapingayo m'malo mwa nkhuku. Masamba a mango sankaloledwa kugona pamenepo ngakhale usiku umodzi. A Chester, mkulu wa mpingo, atabwera kudzacheza, anauzidwa kuti avule nsapato. Anakana, popeza masokosi awo anali ndi mawindo. A Kalebe sanakangane nawo. Anangotenga makatoni awiri, n'kumaika limodzi kutsogolo, kutola lakumbuyo, mpaka mkuluyo anafika pakhonde akudumphadumpha ngati akuwoloka mtsinje, Baibulo lili m'khwapa.

Koma tisamuphe munthu ndi kuseka kokha. Patapita miyezi, eni malo ogona alendo awiri m'tauni muno anaitanitsa wawo kapinga wotereyu, n'kumusiya kuti adzisamale yekha monga analonjezera ogulitsa. Fumbi la Mzimba silidziwa malonjezo. Pofika Okutobala wawoyo anali atagona chafufumimba, wofiira, wonunkha mkodzo wa agalu, ndipo masana ankatentha moti mwana wopanda nsapato ankavina. Wa a Kalebe anali chiimire, wozizira, woyera. Akwati ankabwera kudzajambulitsa zithunzi pamenepo, atavula nsapato. A Kalebe sanadabwe. Ankati chinthu chikamakondedwa chimadziwa.

Goodluck ankaimba Lamlungu lililonse ndipo ankafuna kuona kapinga wake pafoni. Loyce anaphunzira kuyendetsa foniyo mochenjera, kuti kheni isaoneke, burashi isaoneke, mwini burashi asaoneke.

"Madala anapita?"

"Mwezi ukatha akupita."

Miyezi inatha yambiri. Bodza limenelo linkamudya, chifukwa Loyce si munthu wabodza, ndipo Lamlungu lililonse ankadya chakudya chamasana ngati akumeza miyala.

Ulendo wachiwiri anasankha tsiku, Lachisanu lina mu Julayi wa chaka chotsatira. Koma Lachinayi lake amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, anakumana pakhomo pake, kunja kukuzizira koopsa, a Kalebe atapita kukafuna mchenga. Mayi wina wachifundo anatenga mbaula yodzaza makala amoto n'kuikhazika pakati pa kapinga kuti onse aothe. Anaimba nyimbo ziwiri. Yachitatu inasokonezedwa ndi fungo. Atanyamula mbaula, pansi panali bowo lakuda, lozungulira, lalikulu ngati mbale.

A Kalebe atafika ndi wilibala anaima, n'kuvula chipewa.

"Ndani wawotcha mwanayu?"

Amayi makumi awiri anayang'ana kumwamba onse pamodzi.

"Chabwino. Mulungu anaona. Tulukani, wodwala akufuna mpweya."

Anachita opaleshoni ya masiku awiri. Anadula pozungulira chilondacho ndi lumo, anakacheka kachigamba pakona ya kuseri kwa thanki kumene maso safika, anakatembenuzatembenuza mpaka udzu wake unagonera kumodzi ndi unzake, anamata, anathira mchenga, anapesa. Pamwamba anaikapo mpando, ndipo kwa sabata alendo ankayankhula monong'ona. Lamlungu Goodluck anayang'ana pafoni ndipo sanaone kalikonse. Nanga munthu amene wakupulumutsa Lachinayi ungamuchotse Lachisanu? Loyce anameza mawu aja kachiwiri.

Chimene chinawononga zonse ndi manyowa. Mvula yoyamba itagwa kumayambiriro kwa Novembala, a Kalebe anaona kuti mwana wawo akuoneka wotumbululuka. Anapempha mnzawo wa ku Champhira thumba la manyowa a ng'ombe, anawasefa ndi sefa ya ufa ya Loyce, n'kuwaza mwachinsinsi. M'manyowa a ng'ombe mumakhala njere za udzu wa dziko lonse. Patatha sabata ndi theka, m'timabowo totulukira madzi munatuluka timitu tobiriwira, tanthete, tamoyo.

A Kalebe anathamanga mpaka kumsika opanda nsapato.

"Wabereka! Anthu inu munkaseka, bwerani mudzaone! Wabereka!"

Theka la msika linawatsatira. Anagwada n'kumasonyeza kamodzikamodzi, akutchula maina: uyu ndi Yosefe, uyu ndi Benjamini, awa ndi mapasa, sitinawatche. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Aubrey, wokonza mafoni pamsikapo, anajambula zonse, ndipo dzuwa lisanalowe kanemayo anali atafika ku Joni, m'mafoni a amuna onse a ku Mzimba amene amagwira ntchito kumeneko. Goodluck anadzuka m'mawa n'kupeza ali ndi dzina latsopano, Ada Mapasa, ndiko kuti bambo wa mapasa. Anaonanso ndi maso ake kuti madala amene amapita mwezi uliwonse ukatha akadali pakhomo pake, athanzi, akutcha maina.

Sanadikire Lamlungu kuti aimbe. Loyce anali pakhonde akusankha nyemba, ndipo manja ali otanganidwa anaika foni pa sipika. A Kalebe anali chapafupi pomwepo, akuzula Yosefe ndi abale ake monga Loyce anawauzira, koma iye sanade nazo nkhawa, poti zonse zinali m'Chitumbuka. Goodluck sanakuwe, ndipo n'chimene chinaopsa kwambiri. Anati mkazi wonamiza mwamuna wake chaka ndi theka angathe kunama china chilichonse. Anati Disembala akubwera. Akadzapeza mkuluyo pakhomo, anyamuka awiri: wina ku Dedza, wina kwa bambo ake ku Embangweni, ndipo ana atsala.

Loyce anachita mantha enieni. Mphekesera zoti ku Joni kuli mkazi wina anali atazimva kale, ndipo anadziwa kuti mwamuna wofuna chifukwa wachipeza. Anakwiyiranso a Kalebe, ndi manyowa awo, ndi mapasa awo, kenako n'kudzikwiyira yekha chifukwa chokwiyira nkhalamba. Masiku atatu sanawayang'ane kumaso. Anadziuza kuti Lolemba anena, zivute zitani.

Lolemba m'mawa kunalibe phokoso la kheni. Anatuluka n'kuwapeza ataima pakati pa kapinga, atavala jekete lawo la kutchalitchi, nsapato zili m'manja, chikwama chili pambali.

"Amayi, ndamuyang'ana bwino mwanayu. Wakula. Wasiya kuyamwa. Munthu ukamakakamira mwana wamkulu umamupusitsa."

"Adada, mukuti chiyani?"

"Ndikupita kwathu ndikaone Honest. Tamverani tsono. Kupesa ndi kotsutsa, osati kotsatira. Madzi kawiri pa sabata, nthawi ya fumbi katatu. Pamene pakuyenda anthu kwambiri muzionjezera mchenga wouma. Moto ayi, ngakhale abwere abusa. Manyowa," anakanda kumutu, "manyowa musiye. Banja lakwana."

Apa ndi pamene Loyce akanati khalani. Mawu ake ndi amodzi, ndipo anali pakamwa. Koma chimene chinabwera m'chifuwa mwake chinali mpumulo, waukulu, wozizira, ndipo anauzindikira kuti ndi mpumulo. Anangoti, "Mwaganiza bwino, adada?" Iwo anati aganiza bwino. Anawakonzera kamba, anawanyamulira chikwama mpaka kudepoti, akuyankhula za mvula njira yonse.

A kabaza anawazungulira akufunsa amene aziyang'anira mapasa. A Kalebe anawayankha onse mmodzimmodzi, anthu akuseka. Atakhala pampando wa pawindo, minibasi italira, anamukodola Loyce kuti asendere. Anayankhula motsitsa mawu, m'Chitumbuka chosalala ngati munthu wobadwira ku Euthini.

"Nkhapulika vyose, amama. Kufuma pa zuŵa lakwamba. Nthengwa yinu yikhale. Khalani makora."

Anamva zonse, kuyambira tsiku loyamba, ndipo ankachoka kuti ukwati wa Loyce usathe. Loyce anagwira pakamwa. Anakumbukira mafoni onse amene anayankhira pakhonde, mabodza a Lamlungu, mawu oti madala, oti iye si boma, mkuluyu ali chogwada pomwepo ndi burashi yake. Munthu wakhala kumpoto zaka zoposa makumi atatu, ife n'kumaganiza kuti makutu anawasiya ku Dedza chifukwa choti pakamwa sankatsegula! Pamene anati apeze choyankha, minibasi inali itakhota kale.

Uthenga unabwera mu Febuluwale. Honest anapeza nambala ya Loyce pa kapepala m'thumba la jekete, maliro ataikidwa kale sabata ziwiri. Anati amalume anafika bwino, koma m'mudzimo munalibe amene ankawakumbukira, ndipo iwonso sankadziwa njira yopita kuchitsime. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana msewu. Chifuwa chinawagwira, sanalimbane nacho. Loyce anafunsa ngati pamaliro panali anthu. Honest anangoti a mpingo anayesetsa.

Masiku ano mukadutsa kuseri kwa msika m'mawa, msewu uja ndi msewu basi. A kabaza amadutsa pageti osachepetsa liwiro. Akwati anapeza kwina kojambulira. Mayi Cathy amati m'mawa mumatalika, chifukwa kale ankadziwa nthawi yoika madzi pamoto akamva kung'ung'udza kuseri kwa mpanda. Aubrey kanema uja anamufufuta yekha, popanda womuuza. Nkhani za a Kalebe timazikambabe pamaliro ndi pa bawo, ndipo timaseka, koma wina akafika pa za minibasi aliyense amayamba kufunafuna chipewa chake.

Loyce sakamba nawo. Wina akayamba, iye amalowa m'nyumba. Anauzapo mayi Cathy kamodzi kokha kuti chimene chimamuwawa si choti mkuluyo anapita, koma choti iye anapuma bwino atamva kuti akupita. Analola nkhalamba ikafere pakati pa alendo kuti mwamuna wake adzapeze pakhomo pali monga anafunira. Anatsuka makatani, anapaka laimu mpanda, anasunga tambala wamkulu.

Goodluck Disembala ameneyo sanabwere. Uno ndi Disembala wachitatu.